Mwezi ukawala, maukonde ankapuma

Adzukulu anga, masiku ano mukafuna kukacheza kunyanja mumayamba mwafunsa mtengo wa minibasi ndi wa malo ogona. Ife a ku Nkhotakota tinkayamba tayang'ana kumwamba, chifukwa tsiku la ulendo ankatipatsa ndi mwezi ndi mphepo.

Usipa umagwidwa mumdima. Asodzi amapita ndi moto pamadzi, usipa n'kusonkhana pa kuwalako, ukonde n'kuuzinga. Agogo athu ankayatsa miuni ya udzu ndi bango, ndipo nyali zopopa za palafini zinabwera pambuyo pake. Tsono mwezi ukakhwima n'kumawala usiku wonse, usipa susamalanso za nyali, umangobalalika. Masiku amenewo maukonde ankayanikidwa pamchenga, abambo ena n'kumasoka mobooka, ena atazungulira bawo pamthunzi. Amayi ankanyamula ufa wa kondowole ndi mpunga wa faya kupita kukaona abale kumidzi ya m'mbali mwa nyanja. Ife ana tinkatsatira mpaka ku akasupe otentha a ku Chawira, kapena tinkangopalasa bwato la amalume pafupi ndi gombe, kuligubuduza dala, n'kuphunzira kulitembenuza tili m'madzi momwemo. Palibe ankatiphunzitsa kusambira, tinkangozindikira tikusambira.

Koma ulendo weniweni unali wa gule wa malipenga. Boma la mudzi wina, ndiye kuti gulu lonse la ovina pamodzi ndi mfumu yawo ndi akapitawo ake, linkatumiza kalata ku boma la mudzi wina kuti tikubwera tsiku lakuti. Olandirawo ankayamba kusonkha ufa, nkhuku ndi nsomba, pakuti alendo ovina sagona ndi njala, ndipo mudzi ukalephera kudyetsa anthu mbiri yake inkamveka gombe lonse. Gule ameneyu anachokera ku perete wa asilikali amene anabwerako ku nkhondo ya 1914, n'chifukwa chake mumaona mizere yowongoka, makabudula oyera osita bwino, masokosi ofika m'mawondo ndi ndodo m'manja. Malipengawo ndi zikho zouma, zomata kukamwa kwake ndi kachikopa koyera kamene kangaude amakutira mazira ake. Munthu akaimbiramo, mawu amanjenjemera, ndipo anthu makumi atatu akaimbira pamodzi ng'oma yaikulu ikugunda, kunkamveka kutsidya kwa dambo. Amuna akapuma, amayi ankalowa m'bwalo ndi chioda. Anthu ambiri a msinkhu wanga anapeza mabanja pa maulendo amenewa, chifukwa ndi pamene mnyamata ankaonekera kuti ndi waukhondo kapena ndi wauve.

Mwera ukayamba, cha mu Meyi mpaka Ogasiti, maulendo a pabwato ankachepa. Mphepo imeneyi imachokera kummwera, imatha kuomba masiku angapo osaleka, ndipo akuluakulu sankalola mwana kunyoza nyanja ikakwiya. Anali ndi chifukwa. Pa 30 Julaye 1946 sitima ya Viphya, ikadali yatsopano, inamira kufupi ndi Chitimba, ndipo anthu 145 anathera pomwepo. Ndinali wamng'ono, koma ndimakumbukira kuti amayi ankatsitsa mawu akamaitchula.

N'chifukwa chake sitima ya Ilala itabwera mu 1951, ena anayamba akana kukwera. Inapangidwa ku Glasgow mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, n'kudzalumikizidwa ku Monkey Bay. Dzina inatengera kwa kasitima ka amishoni kamene kanafika pa nyanja ino mu 1875. Mantha aja sanakhalitse. Msewu wa m'mbali mwa nyanja unali woipa, nthawi ya dzinja milatho inkakokoloka, ndiye Ilala inasanduka msewu wathu, msika wathu ndi positi yathu. Kwathu kuno madzi ndi osaya, sitima imaima patali, ndipo anthu amakatengedwa ndi maboti ake ang'onoang'ono. Ikangoliza lipenga lake, ngakhale pakati pa usiku, gombe linkadzaza. Ambiri sankapita kulikonse. Ankangobwera kudzaona amene watsika, kumva za ku Nkhata Bay ndi ku Chilumba, kugulitsa nthochi, mpunga wophika ndi chambo chowamba. Mbuzi, njinga, matumba a chinangwa, malata, zonse zinkakwezedwa pamanja anthu ali m'madzi ofika m'chiuno.

Wokwera Ilala ulendo woyamba ankafuna ku Likoma. Mukamayandikira mumayamba kuona milambe, kenaka mapiri a ku Mozambique kuseri kwa chilumba, pafupi kwambiri moti utsi wa m'midzi yawo umaoneka. Tchalitchi chachikulu cha St Peter anayamba kuchimanga mu 1903 pamalo otchedwa Chipyela, pamene kale ankawotcherapo anthu owaganizira ufiti. Ife ozolowera matchalitchi a udzu tinkalowamo tikunong'onezana. Muli mtanda waung'ono wosema kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo, ku Zambia, umene pansi pake anakwirirapo mtima wa David Livingstone. Ife a ku Nkhotakota tili nacho chotilumikiza ndi malo amenewa: Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895 akupita ku Likomako, anaikidwa kwathu kuno m'tchalitchi cha All Saints, ndipo sitima yotchedwa dzina lake inayenda pa nyanja ino kuyambira 1901.

Za ndege zotera pamadzi ku Cape Maclear mu 1949 ndi 1950, zonyamula azungu opita ku Johannesburg, ife tinkangomva kwa ogwira ntchito m'sitima. Kumeneko kunali kucheza kwa ena.

Kwathu mdima wa mwezi unali ndi chakenso. Nthawi ya dzinja mumaona ngati utsi ukufuka pakati pa nyanja, mizati yakuda italiitali. Imeneyo ndi nkhungu, tizilombo touluka totuluka m'madzi. Mphepo ikaikankhira kumtunda, amayi ndi ana ankathamanga ndi malichero onyowetsa, kuwagwedeza m'mwamba, nkhungu n'kumamatirira. Ankaikanda, kuikulunga m'masamba a nthochi, kuiphika n'kuiyanika, ndiwo yake yokoma ndi nsinjiro. Ndimamva chisoni kuti ena a inu mumachita nayo manyazi.

Chimene chatsala chamoyo kwambiri pa zonsezi ndi Mbenji, chilumba cha m'dera la Mfumu Makanjira ku Salima. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a kumeneko amatseka usodzi mvula ikayamba mu Disembala kuti nsomba ziswane, n'kudzatsegula mu Epulo. Pachilumbapo saloleza mowa, chamba kapena juga, ndipo wophwanya lamulo amathamangitsidwa. Tsiku lotsegulira, anthu amasonkhana pagombe la Chikombe, mafumu amalankhula, magule amavinidwa, mabwato ndi maboti atandandalika kudikira chilolezo. Utaka umene umatuluka masabata oyambawo ndi wonona, waukulu kuposa wa magombe ena. Chaka chino mukamva kuti a Makanjira alengeza tsiku, mudzanditenge, ndipo tidzanyamuke dzulo lake kuti tikagone ku Chikombe komweko.