Madzi Amene Anabala Emerald wa ku Kafubu

Emerald ndi mwala wa mtundu wa beryl, m'bale wake wa aquamarine amene amakumbidwa ku Lundazi ndi ku Mzimba. Chowasiyanitsa ndi utoto: aquamarine amaoneka ngati thambo chifukwa cha chitsulo, pamene emerald amabiriwira chifukwa cha chromium kapena vanadium. Koma beryllium, amene amafunika kuti beryl apangike, ndi chromium kaŵirikaŵiri sizikhalira pamodzi pansi pa nthaka. Pamafunika madzi otentha oti azikumanitse.

Ku Kafubu, m'boma la Lufwanyama ku Zambia, madziwo anachokera m'miyala ya pegmatite imene inaloŵa ili yosungunuka m'ming'alu zaka pafupifupi 500 miliyoni zapitazo. Atanyamula beryllium, anathira pa thanthwe lakale lokhala ndi chromium, nalisandutsa mwala wakuda wonyezimira, wofumbutuka m'manja, wa phlogopite. M'kamzere ka mwala wakudawu, m'mphepete mwa mitsempha ya quartz ndi tourmaline, ndimo mmene mumagona emerald. N'chifukwa chake wokumba wodziŵa ntchito amalondola chakudacho.

Emerald wa ku Kafubu anadziŵika koyamba pamalo otchedwa Miku mu 1928, koma malonda anagwira moto m'zaka za m'ma 1970, anthu atakhamukirako ndi mapiki. Mgodi wa Kagem unakhazikitsidwa mu 1984, ndipo kuyambira 2008 kampani ya Gemfields ili ndi magawo 75 pa 100 alionse a mgodiwu.

Ku Muzo, ku Colombia, pegmatite kulibe. Kumeneko ntchito yobala emerald inagwiridwa ndi madzi amchere odutsa m'matope akuda ouma, ndipo timibulu tamchere timaonekabe m'kati mwa mwala.