Paul Banda ndi kiyibodi ya ku Balaka

Amvetseri anzanga, amene munavinapo pa ukwati muno mu Chiuaula cha m'ma 1997 mukukumbukira: jenereta ikulira kuseri kwa nyumba, kaseti ya ku Malawi ili m'wailesi, fumbi lili koboo. Tinkatchula oimba, Lucius Banda, Billy Kaunda, Mlaka Maliro. Koma munthu amene anaumba kaimbidwe ka ku Balaka kameneka sitinkamutchula kawirikawiri. Ndi a Paul Banda, akulu ake a Lucius.

Nkhani yake inayambira kutchalitchi. Mu 1978, pa parishi ya Katolika ya Balaka, anyamata anayambitsa Alleluya Band mothandizidwa ndi wansembe wa ku Italy, Bambo Mario Pacifici, ndipo a Paul ndiwo ankatsogolera. Masiku amenewo oimba ambiri ankadalira situdiyo ya MBC ku Blantyre, boma la Kamuzu litatchera khutu ku liwu lililonse. Pambuyo pake a Paul anatsegula situdiyo yawo ku Balaka konko, Imbirani Yahwe, imene anthu ankangoiti IY.

Apa ndiye pagona nkhani. Ng'oma ankazitchera pa makina, n'kumagunda zokha osatopa, osaphonya. Besi, malipenga ndi kaja kodukizadukiza ka rege, zambiri zinkachokera m'kiyibodi, chimodzi pamwamba pa chinzake, woimba n'kudzaika mawu pomaliza. Ntchito ya anthu asanu ndi awiri ankaigwira munthu mmodzi. Ndiye kuti mnyamata wosauka, wopanda bandi ngakhale gitala, ankatha kulowa ndi nyimbo m'mutu n'kutuluka ndi chimbale, ulendo wa kwa O.G. Issa ku Limbe kukachigulitsa. Ndale za zipani zambiri zitafika mu 1994, pakamwa pa anthu panatseguka, ndipo makina anali atakonzeka kale.

Nanga kuno zinafika bwanji? Mtendere utasainidwa ku Roma mu 1992, abale athu amene anathawira ku Malawi anayamba kubwerera, makaseti ali m'zikwama pamodzi ndi mapoto. Ena ankalowa ndi amalonda pa Chiponde ndi Mandimba, ena pa sitima yodzera Nayuchi kupita ku Cuamba. Chilankhulo chinali chathu chomwe, sipankafunika womasulira.

Sindibisa, odandaula analipo ndipo sankanama. Otsanzira atachuluka, nyimbo zinayamba kufanana ngati mandasi a mtanda umodzi. Ukamva chiyambi, sungadziwe kuti aimbe ndani. Oimba ng'oma ndi manja anayamba kuitanidwa mwa apo ndi apo. Ine mlandu umenewu ndimaupereka kwa otsanzirawo, chifukwa mukamvetsera bwino nyimbo za a Paul eni ake, makina amapatsa mpata mawu, sawapondereza.

Lucius atamwalira ku South Africa pa 30 June 2024, ndinafukula kaseti yakale ya ku Balaka m'sutukesi. Mdzukulu wanga, amene amapanga nyimbo zake pa kompyuta, anamvetsera pang'ono n'kundifunsa dzina la amene ankaimba ng'omazo. Nditamuuza kuti panalibe munthu, anaibweza kaseti ija ndi bolopeni, n'kuyambiranso.