Kusiyana Maganizo ndi Kuchita Mwano: Mawu Amene Asilamu Amayesera Mlandu

Anthu ambiri amene si Asilamu, akamva kuti m'mizinda ya ku Pakistan kapena ku Nigeria makamu a anthu atuluka m'misewu chifukwa cha chithunzi chojambulidwa ku Ulaya, amapukusa mitu nanena kuti chipembedzo chimenechi sichilola kufunsidwa. Koma iye amene anakhalako pakhonde la mzikiti ku Mangochi kapena ku Nkhotakota, namva mashehe akutsutsana kufikira nthawi ya swala ya madzulo, sangavomereze msanga mawu otere, pakuti Chisilamu chili ndi dzina lake la kusiyana maganizo, ndilo ikhtilafu, ndipo ophunzira ake akhala akuliyesa chinthu chololedwa kuyambira kale lomwe. Asilamu a Sunni ali ndi njira zinayi za kamasulidwe ka malamulo, zotchedwa madhihabu, za Hanafi, Maliki, Shafii ndi Hanbali, ndipo njira iliyonse imavomereza kuti zinzake nazonso n'zachisilamu, ngakhale zimasiyana pa zinthu zambiri, kufikira pa malo oika manja poswali. Kuno kwathu, kumene ambiri amatsata Shafii, kunabuka mkangano wautali pakati pa a Kadiriya, amene amachita sikiri pamaliro mokweza mawu, ndi a Sukuti, amene dzina lawo lomwe linena kukhala chete. Anatsutsana kolimba, mizikiti ina inagawikana, koma onse anakhalabe Asilamu.

Chimene chimapsetsa mtima chili ndi dzina lina, ndilo sabb, ndiko kutukwana kapena kuchitira mwano, makamaka kuchitira mwano Mtumiki Muhammad. Apa mpofunika kukhalitsa pang'ono, popeza mlendo sazindikira msanga malo amene munthu ameneyu ali nawo mumtima wa Msilamu. Iwo samupembedza ayi, ndipo amakana kwamtuwagalu kutchedwa ndi dzina lake monga Azungu akale ankawatchulira. Kupatsa cholengedwa ulemu woyenera Mulungu yekha ndi shiriki, tchimo loposa onse. Komatu dzina la Mtumikiyo lili m'shahada, umboni umene munthu amalowera nawo m'Chisilamu. Limamveka pa azana kasanu pa tsiku. Limanong'onezedwa m'khutu la khanda longobadwa. Ndipo Msilamu aliyense akalitchula kapena akalimva amaonjezapo pemphero lomufunira madalitso ndi mtendere. Makhalidwe ake, otchedwa sunna, osungidwa m'mabuku a hadisi monga la Bukhari ndi la Muslim, ndiwo amene amauza munthu dzanja lodyera, mwendo wolowera mumzikiti, ndi mawu olonjerera mnzake panjira. Chotero munthu amene wakhala akutsanzira Mtumikiyo kuyambira kudzuka kufikira kugona, akaona wina akumujambula ngati chigawenga, samva ngati wafunsidwa funso la chiphunzitso. Ife tomwe timadziwa kuti mwamuna wofatsa, amene ungakangane naye za malire a munda chaka chathunthu osakwezerana mawu, amasanduka wina ukangomutukwanira mayi ake. Ndipo Msilamu anaphunzitsidwa kuti chikhulupiriro chake sichinakwanire kufikira atakonda Mtumiki koposa makolo ake ndi ana ake.

Za Kurani nazo zimasokoneza Akhristu, amene amaganiza kuti bukuli lili kwa Asilamu monga Baibulo lili kwa iwo. Mkhristu amavomereza kuti Luka anafufuza nalemba, kuti Paulo analembera mipingo makalata, ndipo Buku Lopatulika la Chichewa amaliyesa Baibulo lenileni. Kwa Msilamu, masura 114 aja ndi mawu a Mulungu mwini, otsitsidwa m'Chiarabu kwa zaka pafupifupi 23, kotero kuti lomasuliridwa m'chinenero china limangoyesedwa kufotokoza tanthauzo chabe. Salikhudza asanachite wuzu, ndiko kusamba kwa mwambo, saliika pansi, ndipo mwana amene waliloweza lonse pamtima amalandira dzina laulemu la hafizi. Ophunzira ena ananena, ndipo ndiyesa ananena zoona, kuti malo a Kurani m'Chisilamu amayandikira malo a Khristu m'Chikhristu koposa malo a Baibulo. Wotentha bukuli pabwalo, monga anachitira munthu wina ku Stockholm mu 2023, adziwe chimene watentha.

Liwu lachitatu ndi umma, ndiwo mtundu umodzi wa okhulupirira, wosasamala malire a maiko, umene umachititsa kuti chipongwe cha ku Denmark chimveke ku Jakarta. Pamene nyuzipepala ya ku Denmark yotchedwa Jyllands-Posten inasindikiza zithunzi 12 zonena za Mtumiki pa 30 September 2005, miyezi ingapo itapita maofesi a akazembe a Denmark anatenthedwa ku Damascus ndi ku Beirut. Ndipo umma umenewu uli ndi chikumbumtima chake. Maiko ambiri a Asilamu analamulidwapo ndi Angerezi, Afalansa, Adatchi kapena Arasha, ndipo kuno ku Nyasaland sukulu zinali m'manja mwa mamishoni, kotero kuti makolo achiyao ambiri, poopa kuti ana awo angabatizidwe ndi kusinthidwa maina, anawasunga ku madrasa, natsalira m'mbuyo pa ntchito za boma kwa mibadwo. Chimaiwala ndi nkhwangwa, chitsa sichiiwala. Nthabwala yochokera kwa amphamvu kupita kwa ochepa mphamvu imalowa pa chilonda chakale, ngakhale woinenayo atalumbira kuti amaseka zipembedzo zonse mofanana.

Koma kumvetsa ululu sikuvomereza chilichonse chochitidwa m'dzina la ululuwo, ndipo apa liwu la fatwa lationongera zambiri. Fatwa ndi yankho la mufti kwa munthu wofunsa za malamulo, kaya za ukwati, za ngongole, kapena za kumwa mankhwala m'mwezi wa Ramadani. Zikwi za mafatwa zimaperekedwa popanda wokhetsa mwazi. Koma kuyambira pa 14 February 1989, pamene Ayatollah Khomeini wa ku Iran analamula kuti Salman Rushdie aphedwe chifukwa cha buku lake la The Satanic Verses, dziko linayamba kumva liwuli ngati chiweruzo cha imfa. Hitoshi Igarashi, amene anamasulira bukulo m'Chijapani, anaphedwa mu 1991, ndipo Rushdie mwiniyo anabayidwa ku New York mu 2022 nataya diso limodzi. Sitingabise kuti akatswiri akale a malamulo achisilamu anaika chilango cha imfa pa wotukwana Mtumiki. Komanso iwo omwewo anati mlandu uweruzidwe ndi kadhi, pamaso pa mboni, osati ndi gulu la m'msewu kapena mnyamata wonyamula mpeni. Ndipo Kurani yomwe, m'sura yachinayi, imalangiza okhulupirira kuti achoke pamalo pamene mawu a Mulungu akusekedwa kufikira nkhani itasintha, ndi m'sura yachisanu ndi chimodzi imawaletsa kutukwana milungu ya anthu ena. Pali liwu la sabri, kupirira, limene mashehe ambiri amalilalikira pokumbutsa kuti Mtumiki anaponyedwa miyala ku Taif koma sanapemphe kuti mzindawo uonongedwe. Kungoti mlaliki wa kupirira sakopa atolankhani. Mwa anthu 12 amene anaphedwa ku Paris pa 7 January 2015, pa chiwembu cha ku ofesi ya nyuzipepala ya Charlie Hebdo, munali wapolisi Ahmed Merabet, Msilamu.

Kumene boma latenga mkwiyowu nkuusandutsa chida, zipatso zake zakhala zowawa. Ku Pakistan, malamulo oteteza zipembedzo anasiyidwa ndi Angerezi, koma mu 1986, mu ulamuliro wa Zia-ul-Haq, anaonjezamo ndime ya 295-C yolola chilango cha imfa. Kuyambira pamenepo milandu yambiri yagwera Asilamu okhaokha ndi a Ahmadiya, ina yoyambira pa mkangano wa malo kapena chidani cha anansi. Asia Bibi, mayi wachikhristu, anaweruzidwa kuti aphedwe mu 2010 namasulidwa mu 2018, ndipo bwanamkubwa Salman Taseer, Msilamu amene anamuikira kumbuyo, anawomberedwa ndi mlonda wake mu 2011. Fupa lokakamiza silichedwa kuswa mphika.

Akhristu nawo asafulumire kudziyesa oyera pa nkhaniyi, pakuti chilamulo cha Mose chinalamula kuponya miyala wochitira mwano Dzina, Thomas Aikenhead, mnyamata wa sukulu, anapachikidwa ku Edinburgh mu 1697 chifukwa cha mlandu womwewu, ndipo England inafafaniza mlandu wa mwano mu 2008 mokha. Kwathu kuno, kumene kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi pafupifupi 14 mwa anthu 100 alionse, mkangano wa hijabu m'sukulu za mipingo unafika poipa ku Mmanga m'boma la Balaka mu 2019, nyumba zopemphereramo zinaonongedwa ndipo sukulu zinatsekedwa. Koma atsogoleri a mbali zonse ziwiri anakhala pansi pamodzi ndi a Public Affairs Committee, ndipo mu 2021 anagwirizana kuti atsikana achisilamu azivala hijabu ya mtundu wogwirizana ndi yunifomu ya sukulu yawo.