Zaka 120 za Nyanje ndi aphunzitsi amene tinawaiwala

Mu 2025 mishoni ya Nyanje, m'boma la Sinda, inakwanitsa zaka 120. Ambiri a ife amene tinakulira ku Katete ndi ku Sinda timaidziwa Nyanje cifukwa ca cipatala cake. Koma mishoni za nthawi imeneyo zinali kubwera ndi sukulu, ndipo mbiri ya maphunziro a pulaimale kwathu kuno imayambira pa malo ngati amenewa.

Amishonale a Dutch Reformed Church, amene makolo athu anali kungowachula kuti Adachi, anafika ku Magwero pafupi ndi Chipata mu 1899. Kucokera kumeneko anatsegula Madzimoyo mu 1903, Nyanje mu 1905, Nsadzu ku Chadiza mu 1908, ndipo Katete inabwera mocedwa, mu 1944. Mpingo umenewu ndiwo lero timauti Reformed Church in Zambia. Akatolika nawonso anali ndi masukulu ao, ndipo mu 1954 abale a Marist anafika ku Chassa.

Amishonale anali owerengeka, midzi inali yambiri. Amene anali kuyenda pansi kupita ku midzi imeneyi anali anthu akuda, mphunzitsi yemweyo ali mlaliki. Sukulu inali cisakasa ca udzu kapena mthunzi wa mtengo. Ana anali kuyamba kulemba ndi cala pa dothi asanagwire sileti. Colinga cacikulu cinali cakuti munthu adziwerengere yekha Baibulo, ndipo Baibulo lathunthu la Cinyanja linatuluka mu 1922. Boma la atsamunda linalowererapo mocedwa: ofesi yoyang'anira maphunziro a anthu akuda inakhazikitsidwa mu 1925, Nyanje ili kale ndi zaka 20.

Tisaganize kuti midzi inalandira sukulu ndi nthungululu. M'madera ambiri a Acewa munali kukokana pakati pa sukulu ndi dambwe. Amishonale anali kuletsa ana a sukulu kulowa Nyau, akuluakulu a mudzi nawonso anali kuona kuti sukulu ikuwalanda ana ndi mwambo. Mphunzitsi wa m'mudzi ndiye anali pakati pa moto umenewu. Mzungu anali kubwera kudzayendera n'kubwerera ku mishoni, koma iye anali kugona m'mudzi momwemo, kutunga madzi pa citsime cimodzi ndi anthu amene anali kukana sukulu yake, ndi kupempha amfumu kuti amupatse ana. Kuti sukuluzo zinakhazikika, ndi cifukwa ca kupirira kwa anthu amenewa.

Zotsatira zake timazidziwa bwino. Pamene Zambia inalandira ufulu mu 1964, anthu akuda a madigiri anali pafupifupi 100 m'dziko lonse, ndipo boma la Kenneth Kaunda linamanga masukulu mwamsanga. Mu 2002 ndalama za sukulu zinacotsedwa kuyambira giredi 1 mpaka 7, ndipo mu 2022 maphunziro aulere anafika mpaka giredi 12. Mkangano wakale uja nawonso unazirala. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005, ndipo ku Mkaika, kumene timasonkhana pa Kulamba mu Ogasiti, Kalonga Gawa Undi amalimbikitsa kuti miyambo isasokoneze sukulu ndiponso kuti atsikana asakwatiwe ali ana.

Komabe ife amene timathandiza pa wailesi tikapita ku midzi ndi cojambulira mau, timapeza cinthu cimodzi cobwerezabwereza. Mukafunsa kuti mishoni inatsegulidwa liti, caka cilipo m'mabuku. Mukafunsa kuti mphunzitsi woyamba pa sukulu ya m'mudzi uno anali ndani, anthu amayang'anana, kenaka amati, "Mukafunse agogo aja, ngati akali moyo." Kawirikawiri timapeza kuti tacedwa. Maina a azungu analembedwa m'malipoti a mishoni. Maina a ambiri amene anagwira coko m'zisakasa zija anatsala m'mitu ya anthu, ndipo anthuwo akutha.

Nchito imene iwo anayamba sinathe. Mpaka lero m'midzi ina ya Katete muli anyamata amene amaweta ng'ombe za eni zaka zingapo kuti adzapatsidwe imodzi, anzao ali m'kalasi. Mphunzitsi amene akukambirana ndi makolo a mwana wotere akucita zomwe anzake anali kucita zaka 100 zapitazo, ndipo cingamulimbitse mtima kudziwa kuti ena anadutsamo.

Inu amene muli ku Lusaka, ku Chipata kapena ku Migodi, sukulu imene munaphunzirako a, e, i, o, u ili ndi caka cake cobadwa. Ikadzakwanitsa zaka 50 kapena 75, tidzasonkha ndalama za penti ndi mbuzi, ndipo n'zabwino. Koma mukapita kumudzi pa chuti cikubweraci, khalani pansi ndi ambuya anu, tsegulani foni, muwafunse: anakuphunzitsani ndani, anacokera kuti, sukulu inali pati isanasamuke? Zimene akuuzeni mukazilembe, kope limodzi mukasiye kwa ahedi. Pa tsiku la cikondwererolo maina amenewo adzawerengedwe pamaso pa ana.