Honours ya ku Joni ndi mbiri yomwe ili kumbuyo kwake

Mwana wa kwa Ndamera ku Nsanje akabwera kuno ku South Africa ndi digiri yake ya zaka zinayi ya ku Chanco kapena ku Bunda, amaganiza kuti alowa masters tsiku lomwelo. Si zachilendo kumva akumufunsa kuti, "Nanga honours ili kuti?" Kuno digiri yoyamba ya maphunziro ambiri ndi ya zaka zitatu. Honours ndi digiri ina payokha, ya chaka chimodzi. Bungwe la SAQA, lomwe limaunika mapepala a sukulu ochokera kunja, lili ndi makwerero khumi: digiri wamba ili pa 7, honours pa 8, masters pa 9, udokotala pa 10. Pepala lanu akaliika pa 7, honours simungailumphe.

Kachitidweka kanachokera ku Britain. Yunivesite yoyamba m'dziko lino, University of the Cape of Good Hope ya 1873, sinkaphunzitsa n'komwe. Inkangolembetsa mayeso potengera ya ku London, ndipo pambuyo pake ndiyo inasanduka UNISA. Koma chomwe ndikufuna achinyamata akwathu amvetse n'chakuti honours ya pasukulu ina si yofanana ndi ya pasukulu ina, ndipo gwero la kusiyanako ndi ndale.

Tiyambire ku Alice, katawuni ka ku Eastern Cape. Amishoni a ku Scotland anatsegula sukulu ya Lovedale kumeneko mu 1841. Mu 1876 Dr James Stewart anatenga anyamata anayi a pasukuluyi, mmodzi wa iwo William Koyi, kukathandiza mishoni ya Livingstonia. Njira yopita kunyanja masiku amenewo inali ya pamadzi, kukwera Zambezi kenako Shire, choncho ophunzira a ku South Africa anadutsa m'chigwa chathu ife tisanayambe kupita kwawo. Koyi sanabwererenso kukakhazikika kwawo. Anamwalira pakati pa Angoni a kumpoto mu 1886.

Pafupi ndi Lovedale pomwepo, mu 1916, panatsegulidwa South African Native College, yomwe tikuidziwa ndi dzina loti Fort Hare. Kwa zaka zoposa makumi anayi, munthu wakuda wa chigawo chino cha Africa wofuna digiri ankayang'ana kumeneko. Seretse Khama, Robert Mugabe ndi Oliver Tambo anadutsa pamenepo. Nelson Mandela anachokapo mu 1940 asanamalize, pa mkangano wa zisankho za bungwe la ophunzira womwe unakhudzanso chakudya cha pasukulu. Nafenso tili ndi athu: Orton Chirwa ndi Henry Masauko Chipembere anatenga madigiri awo ku Fort Hare, nthawi yomwe Nyasaland inalibe yunivesite. Yathu ya Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965.

Chaka chomwe chinawononga zinthu ndi 1959. Boma la tsankho linakhazikitsa lamulo lotchedwa Extension of University Education Act. Dzina lake linkamveka ngati akukulitsa maphunziro, pamene ntchito yake inali kutseka zitseko. Munthu wakuda sankaloledwanso kulembetsa ku Wits kapena ku Cape Town popanda chilolezo cha nduna. Anthu anagawidwa potengera khungu ndi mtundu: Azulu ku Ngoye, Asotho, Atswana, Avenda ndi Atsonga ku Turfloop, makaladi ku Bellville, Amwenye ku Salisbury Island ku Durban. Fort Hare, yomwe inkalandira aliyense, anailanda n'kuisandutsa ya Axhosa. Pulofesa Z.K. Matthews, yemwe anali woyamba kutenga digiri pasukuluyi, anatula pansi udindo atatsala pang'ono kupuma, n'kutaya penshoni yake. Ine ndimati munthu uyu ndiye woyenera kumudziwa asanadziwe wina aliyense wa pakampasi.

Ena mwa makoleji atsopanowa, monga Ngoye ndi Turfloop, anamangidwa kutali ndi mizinda, kuti atulutse aphunzitsi ndi makalaliki a maboma a mitundu omwe boma la tsankho linkakhazikitsa. Kafukufuku sanali m'mapulani. Komabe mkwiyo unaphukira komweko. Mu 1972 Onkgopotse Tiro anadzudzula maphunziro a tsankho pamwambo wolandira madigiri ku Turfloop. Anamuchotsa sukulu, ndipo mu 1974 anaphedwa ndi bomba la m'phukusi ku Botswana.

Ufulu wa 1994 unatsegula zitseko, ndipo mu 2004 ndi 2005 boma linaphatikiza masukulu ambiri. University of Johannesburg inabadwa motero. Koma malaibulale, malabu ndi thumba la kafukufuku sizisamuka chifukwa choti dzina lasintha. N'chifukwa chake mu 2015 ophunzira anachititsa kuti chiboliboli cha Cecil Rhodes chichotsedwe ku Cape Town, kenako mu Okutobala n'kuyamba zionetsero za fizi ku Wits.

Zonsezi zimakukhudzani pa tsiku loyamba la honours. Gawo lalikulu la chakachi, pafupifupi limodzi mwa magawo anayi, ndi kafukufuku wanuwanu, ndipo amakupatsani supervisor. Ameneyu ali ngati wopalasa bwato pa Shire madzi atadzaza: akakhala ndi anthu ambiri, kuwoloka kumachedwa. Musanapemphe malo, fufuzani amene amaphunzitsa m'dipatimentiyo, zomwe analemba, ndi kuchuluka kwa ophunzira omwe amawayang'anira. Musanyozenso masukulu akale a anthu akuda. Wofuna mbiri ya ndale adziwe kuti zikalata zakale za ANC zimasungidwa ku Fort Hare, osati ku Stellenbosch.

Za ndalama musanamizidwe. Thandizo la boma la NSFAS ndi la nzika za dziko lino ndi omwe ali ndi chilolezo chokhazikika kuno basi. Chomwe chimatipepukitsira ife ndi pangano la SADC la 1997 la zamaphunziro, lomwe limati ophunzira a m'chigawochi azilipira fizi ngati eni dziko, ngakhale masukulu ambiri amawonjezerapo kandalama ka alendo. Madipatimenti ambiri amafuna avareji ya 60 kapena 65 pa 100 m'phunziro lomwe mukufuna kupitiriza. Chaka cha sukulu chimayamba mu Febuluwale, koma mafomu amatsekedwa chaka cham'mbuyo, ndipo visa ya sukulu satulutsa popanda kalata yokulandirani ndi medical aid ya kuno. Pepala la SAQA limatenga nthawi, choncho yambani ndi limenelo mukadali ku Nsanje.