NGODYA YA MBIRI: Nyundo ikagwa, hatchi ndi yako

Pa msonkhano wapitawu tinakokanakokana mpaka dzuwa kulowa pa nkhani ya ng'ombe ziwiri za ngolo zimene tikufuna kugula ndi ndalama tinasonkha zija. Ena akuti tipite kumsika wa ziweto tikasankhe zonenepa, ena akuti ayi, tifufuze kwa munthu amene timamudziwa. Ine mlandu umenewu sindiugamula muno. Ndingokutengerani ku London wa zaka za m'ma 1800, kumene anthu ankadwala mutu womwewu, kungoti iwo ankagula mahatchi okoka ngolo, ndipo ankawagula pa okushoni.

Mzinda woyenda ndi ziboda

Galimoto isanabwere, chilichonse mu London chinkayenda ndi hatchi: malasha, mkaka, mowa, makalata, maliro, ngakhale ozimitsa moto. Wolemba wina, W. J. Gordon, anawerengera mu 1893 kuti mumzindawo munali mahatchi pafupifupi 300,000. Basi ya nthawi imeneyo inali ngolo yosanjikiza, yonyamula anthu 26, yokokedwa ndi mahatchi awiri. Awiriwo sankagwira tsiku lonse ayi, ankawasinthasintha, moti basi imodzi inkafuna mahatchi 10 kapena kuposerapo kukhola. Kampani yaikulu ya mabasi, London General Omnibus Company, inali ndi mahatchi oposa 16,000 cha m'ma 1900. Ntchito yoima n'kunyamukanso ndi katundu wolemera inkawatha msanga. Zaka zinayi kapena zisanu basi, hatchi yatopa, aigulitse agule ina. Ndiye mutha kuona kuti msika wa mahatchi sunkagona.

Bwalo la mabwana linali la Tattersall's. Richard Tattersall, amene poyamba ankasamalira mahatchi a bwana wina wolemera, Duke of Kingston, analitsegula mu 1766 pa Hyde Park Corner, pa malo a lendi ya zaka 99. Lendiyo itatha mu 1865, a banja lake anasamutsira malondawo ku Knightsbridge. Tsiku lawo lalikulu linali Lolemba. Bwalo lina, la Aldridge's mu St Martin's Lane, linkagulitsa Lachitatu ndi Loweruka, ndipo kumeneko kunkapezeka mahatchi a ngolo, ngolo zake, ndi zingwe zomwe. Mitengo ankaitchula mu ndalama yotchedwa guinea. Guinea imodzi inali masheleni 21 pomwe paundi inali masheleni 20, ndipo mwamwambo sheleni yapamwambayo inali ya eni bwalo.

Awiri abwino si gulu labwino

Kugula hatchi imodzi kunali kovuta kale, koma kugula awiri kapena anayi oti akoke ngolo imodzi inali nkhani ina. Amene munalimapo ndi ng'ombe mukudziwa: mukamanga yaitali ndi yaifupi pa goli limodzi, kapena yachangu ndi yaulesi, imodzi imasenza ntchito ya inzake, khosi n'kuchita bala, mzere n'kukhota. Mahatchinso n'chimodzimodzi.

Choyamba ankayang'ana msinkhu. Ankauyeza ndi muyezo wotchedwa dzanja, womwe ndi mainchesi 4, kapena kuti masentimita 10 ndi pang'ono, kuchokera pansi kufika pamwamba pa mapewa. Hatchi ya ngolo ya bwana inkakhala ya manja 15 kapena 16. Anthu olemera ankafunanso mtundu wofanana, kuti ngolo ikamadutsa mu Hyde Park anthu atembenuke. Koma oyendetsa ngolo odziwa ntchito ankati mtundu sukoka katundu. Iwo ankafuna mahatchi oponya miyendo mofanana, omvera chingwe mofanana, komanso amtima wofanana. Hatchi yopupuluma ikamangidwa ndi yozizira, yopupulumayo imakoka yokha mpaka kutha mphamvu, inzakeyo ikungoyenda ngati ili pa ulendo wa kuchibale.

Pa gulu la anayi, aliyense anali ndi malo ake. Awiri akumbuyo, oyandikana ndi ngolo, ankayenera kukhala olemera ndi amphamvu, chifukwa pamtsetse ndi iwo ankaigwira ngoloyo kuti isawathamangire. Awiri akutsogolo ankakhala opepukirako, achangu ndi opanda mantha, popeza ndi iwo ankayamba kukumana ndi galu, utsi wa sitima kapena phokoso la mumsewu. Woyendetsa ankagwira zingwe zonse zinayi m'dzanja lamanzere, chikwapu kumanja. Hatchi yozolowera mbali ya kumanzere inkatha kuvuta ikaikidwa kumanja. Zonsezi simungazione hatchi itangoima m'khola. Zimaoneka pamsewu, ngolo itadzaza. Apa ndi pamene panagona vuto la okushoni.

Tsiku la malonda

Mahatchi ankafika masiku angapo malonda asanachitike, ndipo ogula ankaloledwa kuzungulira m'makola atanyamula kabuku kolembamo nambala ndi mbiri ya hatchi iliyonse. Tsikulo likafika, mnyamata ankaithamangitsa hatchiyo pabwalo, kupita ndi kubwera, kenaka n'kuiimika pansi pa nsanja ya mkulu woitanira mitengo. Wina akodola mutu, wina atukula kabuku, mtengo ukukwera. Maminiti owerengeka, nyundo gwa! Lamulo la malonda la mu 1893, Sale of Goods Act, linalemba poyera zimene aliyense ankadziwa kale: nyundo ikagwa, malonda atha.

Nthawi yochepa choncho inkakomera akathyali. Zaka za hatchi amaziwerengera kumano: mano akutsogolo a hatchi yaing'ono amakhala ndi timaenje takuda timene timafufutika ikamafika zaka 8. Ndiye anthu osakhulupirika ankakumba timaenje tatsopano pa mano a nkhalamba n'kutiwotcha ndi chitsulo chamoto kuti tide. Chinyengo chimenechi chinali ndi dzina lake lomwe, bishoping. Pamwamba pa maso a hatchi yokalamba pamalowa m'kati, choncho ankabowola khungu pang'ono n'kupopamo mpweya kuti patukuke. Ankaiika jinja kumalo ochitira chimbudzi kuti ndi ululuwo itukule mchira, iziyenda monyada ngati yanthete. Yolusa ankaimwetsa mankhwala ogonetsa kuti ioneke yofatsa. Choipitsitsa, hatchi ikamatsimphina mwendo umodzi wakutsogolo, ankapanikiza kamwala pansi pa chitsulo cha kuphazi linalo kuti mapazi onse awiri azipweteka mofanana, kutsimphinako kusaoneke. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ogula nawonso anali ndi nzeru zawo. Ankasisita miyendo kufuna zotupa, kutukula ziboda, kuyang'ana mawondo ngati ali ndi zipsera za kugwa. Ankanamizira kuimenya ndi ndodo m'nthiti mwadzidzidzi, ndipo ikabuula ankakayikira kuti ili ndi vuto la kupuma. Wandalama ankabwera ndi dokotala wa ziweto.

Panalinso chinyengo cha mbali ya ogula. Mavenda a mahatchi ankapangana kuti asapikisane, mmodzi agule motchipa, kenaka n'kukachititsa okushoni yawoyawo kumowa, phindu n'kugawana. Mlendo akalowerera, ankatha kumukwezera mtengo dala kuti asadzabwerenso.

Mawu a m'kabuku

Ndiye wogula ankatetezedwa ndi chiyani? Mawu a m'kabuku aja. Mabwalo odzilemekeza anali ndi lamulo lakuti hatchi ikapezeka kuti sikugwirizana ndi zimene analemba, wogula atha kuibweza nthawi yoikika isanathe, ndalama zake n'kubwerera. Choncho liwu lililonse linali ndi kulemera kwake. Akalemba kuti hatchi ndi yofatsa pa ngolo, limenelo linali lonjezo. Akangolemba kuti inakokapo ngolo, sanalonjeze kanthu. Mwina inakoka kamodzi kokha n'kuiphwanya ngoloyo. Akalemba kuti ndi yofatsa ikamakoka yokha, wochenjera ankafunsa: nanga ikamangidwa ndi inzake? Ndipo akapanda kulemba chilichonse, wogula ankaitenga ndi zilema zake zonse. Odziwa msikawu ankawerenga kwambiri zimene sizinalembedwe kuposa zimene zinalembedwa.

Mlandu wina wa mu 1871, wa Head ndi Tattersall, umasonyeza mphamvu ya mawuwa. Bambo Head anagula hatchi Lolemba pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 43. Imeneyi inali yokwera popita kosaka, osati ya ngolo, koma lamulo linali limodzi. Kabuku kanati hatchiyo inasakapo ndi gulu la alenje la Bicester, zomwe sizinali zoona. Lamulo la bwalo linkalola kubweza isanakwane 5 koloko madzulo a Lachitatu. Ili m'manja mwa wogula, hatchiyo inadzidzimuka n'kudzivulaza kwambiri, popanda kulakwa kwa iye. Bambo Head anaibweza nthawi isanakwane, ili yovulala choncho. Khoti linagamula kuti abwezeredwe ndalama zawo, chifukwa nthawi yobwezera inali isanathe ndipo ngoziyo sanaichititse ndi iwo. Mpaka lero ophunzira zamalamulo amaupeza mlanduwu m'mabuku awo.

Wolemera ndi wosauka pa nyundo imodzi

Mabanja ambiri olemera anatopa ndi juga imeneyi, moti ankangochita hayala mahatchi pa mwezi kapena pa chaka kwa anthu a bizinesi yobwereketsa. Hatchi ikadwala, mawa lake kwabwera ina. Koma taganizirani wogulitsa malasha wa ngolo imodzi, kapena mwini ngolo ya matola amene wasunga ndalama zaka zingapo. Iyeyu ankagula mahatchi amene mabwana ndi makampani atopa nawo, nthawi zambiri opanda lonjezo lililonse. Hatchi ikayamba kutsimphina pa tsiku lachitatu, ngolo yaima, lendi ya khola ikuwerengabe, chakudya cha hatchi chikufunika, ana kunyumba akudikira. Kulakwitsa kwa mphindi imodzi pa okushoni kunkatha kumubweza munthu pa umphawi.

Panali mtundu umodzi wa malonda umene ogula ankauthamangira. Sitima zapamtunda zitalanda ntchito ya ngolo za maulendo ataliatali, anthu ena okonda mahatchi anayambiranso kuyendetsa ngolo za anayi m'miyezi yotentha, monga pa msewu wa London ndi Brighton. Wotchuka pa onse anali James Selby, amene mu July 1888 anayendetsa ngolo yotchedwa Old Times kupita ku Brighton ndi kubwerera m'maola 7 ndi maminiti 50, mtunda wa makilomita oposa 170, akusintha mahatchi m'njira. Nyengo ikatha, eni ngolo zoterezi ankagulitsa mahatchi awo pa okushoni m'malo mowadyetsa nyengo yonse yozizira. Amenewa anthu anali atawaona ndi maso miyezi ingapo, akukoka pamodzi, pachitunda ndi pamtsetse. Aliyense ankadziwa kuti uyu ndi wakutsogolo, uyu wakumbuyo, awa amagwirizana. Panalibe jinja kapena chitsulo chamoto chimene chikanawonjezera kanthu pa umboni umenewo.

Mmene zinathera

Injini ndi imene inatseka msikawu. Aldridge's anayamba kugulitsa galimoto mu 1907, m'bwalo lomwelo la mahatchi. London General Omnibus Company inayendetsa basi yake yomaliza ya mahatchi pa 25 October 1911. Mu August 1914 nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba, asilikali a Britain anasonkhanitsa mahatchi oposa 100,000 m'masabata ochepa, ambiri mwa iwo osabwereranso. Aldridge's anagulitsa mahatchi komaliza mu 1926. Lamulo loletsa mavenda kupangana pa okushoni linabwera mu 1927, mahatchi a ngolo atatsala pang'ono kutha m'misewu. Tattersalls ilipobe, ku Newmarket, koma imagulitsa mahatchi a mpikisano, ndipo mitengo amaitchulabe mu guinea.

Tsopano tibwerere kwathu. Ndalama tasonkha zija zinachokera m'maganyu, m'tomato ndi m'zitumbuwa, ndipo sitingazisonkhenso kawiri. Kaya tipita kumsika, kaya kwa munthu womudziwa, ine pempho langa n'lakuti tikafunse mafunso amene ogula a ku London anaphunzira ndi misozi. Kodi ng'ombe ziwirizi zinakokapo limodzi, ndipo tingazione zili pa goli, ngolo itadzaza? Nanga wogulitsa akulonjeza chiyani kwenikweni, ndipo angavomere kuti tilembe papepala pamaso pa mboni? Zikapezeka ndi vuto, tili ndi masiku angati oti tibweze? Akayamba kuzembazemba pa funso lachitatuli, anzanga, ndalama zibwerere m'thumba, tikwere njinga zathu.

Loweruka tisachedwe, ndipo amene muli ndi agogo kapena amalume odziwa kuwerenga mano a ng'ombe, chonde muwapemphe adzatiperekeze.