Mapaipi a oilo akunja (njinga yamoto)

Awa ndi mapaipi omangidwa kunja kwa injini, otenga oilo kuchokera ku pampu kupita kumutu kwa injini kapena ku chipangizo choziziritsira oilo. Injini zambiri zimayendetsa oilo m'timabowo tobooledwa mkati mwa chitsulo. Injini ikawonjezeredwa mphamvu kuti ikachite mpikisano, timabowoto nthawi zina timachepa, oilo safika wokwanira ku camshaft, ndipo zitsulo zimakhulana n'kutha msanga; apa m'pamene mapaipi akunja amathandiza.

Njinga zina zinkatuluka ndi mapaipiwa ku fakitale. Norton Commando ya ku Britain, yomwe inaonetsedwa koyamba mu 1967, inali ndi timapaipi ta nayiloni topita kumutu. Timauma ndi kutentha pakapita zaka, choncho eni ambiri amaikapo paipi yokutidwa ndi waya wolukidwa wosachita dzimbiri.

Paipi imalumikizidwa ndi bawuti yobooka pakati, yotchedwa banjo, yokhala ndi mawashala awiri a kopa. Mawashalawa azikhala atsopano nthawi zonse, chifukwa akafinyika kamodzi sagwiranso bwino. Zolumikizira za mtundu wa AN zimapendekeka madigiri 37, ndipo siziyenera kusakanizidwa ndi za madigiri 45 ngakhale zikuoneka zofanana.

Kukula kwa paipi n'kofunika kwambiri. Yaikulu mopitirira imalanda oilo wa ma bearing a crankshaft, n'chifukwa chake amakaniko ena amaikamo kachitsulo kochepetsa bowo. Paipi itsukidwe mkati isanamangidwe, idutse kutali ndi ekizozi, ndipo isakokeke injini ikamanjenjemera. Ikadontha pafupi ndi tayala lakumbuyo, wokwera akhoza kuterereka pakona ali pa liwiro.